Masamba Asanu m'Dziwe la Zondwayo

Ndagi yanga nayi, inu amene maso ali papepalapa. Chitsime changa n'chachikulu ngati nyumba, madzi ake ndi oyera ngati diso la khanda, koma samwedwa, saphikira, sachapira, ndipo mbuzi ikayandikira imalandira mwala. N'chiyani? Mwalephera? Ndibayireni ng'ombe, ndidya ndekha. Limenelo ndi dziwe losambiramo la Zondwayo Moyo, limene mwini wake amalitchula kuti pulu.

Zimene ndikuuzeni pano si za m'maluwa ayi. Ine ndimanama, inde, koma pa zaka zanga zokha ndi pa shuga amene ndathira mu tiyi. Izi anaziona Dyness NyaMoyo, mlongo wake wa Zondwayoyo, ndipo ali moyo. Anazionanso Mable Tembo wa bungwe la amayi kutchalitchi, mayi amene sanama ngakhale pogulitsa tomato.

Zondwayo anakhala ku Joni zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akusamalira maiwe osambiramo a anthu olemera. Atapeza bwino anamanga chinyumba kwawo, chakuseri kwa Manyamula, pamalo pomwe panali nyumba ya mayi ake, malemu NyaShaba. Kuseri kwake kunali chitsime chimene mayiwo anatungapo moyo wawo wonse. Mayiwo atamwalira, Zondwayo sanabwere kumaliro, anati mapepala ake sanali bwino. Atabwera patatha zaka ziwiri, kumanda sanapondeko. Anafikira pachitsime ndi tepi yoyezera.

"Dzenje analiyamba kale amama," anatero. "Ine ndingolikuza."

Analikuzadi. Anatseka kasupe ndi simenti, namata matailosi, nazunguliza mpanda wa njerwa wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba. Anaika geti lachitsulo. Madzi ankachokera ku mjigo wake wa sola.

Dyness, yemwe ndi wamkulu kwa iye, anali atangobwezedwa ndi abale a malemu mwamuna wake, ali ndi chikwama chimodzi ndi mawondo otupa. Zondwayo anamupatsa chipinda chakumbuyo ndi kiyi wa geti, nam'phunzitsa ntchito asanabwerere ku Joni.

"Tamverani, adumbu," anatero, pakuti kwathu kuno mlongo timati mdumbu. "M'mawa muzichotsa masamba ndi neti iyi ya mtengo wautali. Madzulo klorini, kapu imodzi, musapose. Pampu izilira masana onse kuti madzi azidutsa m'sefa. Loweruka muzikwecha makoma, ndere zisamere. Geti likhale lokhoma, mwana wa munthu angagweremo. Koma chachikulu ndi mzere uwu wa matailosi abuluu. Madzi akatsika kupitirira apa, pampu imakoka mpweya n'kupsa. Mwamva? Mwapulika?"

"Yewo," anayankha Dyness.

Ndipo analisamala dziwelo kuposa mmene ena amasamalira mano awo. Munthu amene sanasambirepo chibadwire ankadziwa madzi odwala pongowanunkhiza. Loweruka lililonse ankalijambula pafoni n'kutumiza ku Joni, Zondwayo n'kumaonetsa anzake.

Zinayamba mu Okutobala, dzuwa litakwiya.

Dyness ankadziwa kuti dzuwa limamwa madzi masana. Koma awa ankatsika kukucha. Madzulo ankawasiya pakati pa mzere wabuluu, m'mawa n'kuwapeza atatsika chala chimodzi, geti lili chikhomere. Ankadzaza, mawa lake chimodzimodzi.

Kenaka masamba. M'bwalo la Zondwayo muli mapapaya ndi mtengo umodzi wa mapeyala, basi. Koma m'mawa uliwonse neti inkatulutsa masamba a msuku. Asanu. Sanali ouma ngati ouluzika ndi mphepo. Anali aawisi, othyoledwa ndi dzanja, monga amachitira mayi akadzaza ndowa n'kuyala masamba pamwamba kuti madzi asatayike panjira. Ndipo misuku kwathu kuno inapita ndi makala. Yotsala ili malo amodzi okha amene nkhwangwa imaopa kulowako, kumanda.

Za masambazo Dyness sanauze munthu. Za madzi anauza mlongo wake pafoni.

"Chala chimodzi?" anakalipa Zondwayo. "Mukudziwa kuti pa dziwe limenelo chala chimodzi ndi ndowa khumi? Mgolo wathunthu!"

Dyness anakumbukira mgolo wakuda umene unkaima pakhomo la khitchini ya mayi awo. Mayiwo ankaudzaza maulendo khumi, dzuwa lisanatuluke, tsiku ndi tsiku.

Zondwayo anafika ndi basi ya mu Novembala, nkhope ili gwa. Anazungulira dziwe kawiri, akugogoda matailosi.

"Mukugawira amayi a m'mudzi madzi anga, adumbu. Mjigo wawo waphwa, mbwenu mwawatsegulira geti."

"Madzi a klorini angamwe ndani?"

"Amachapira. Ine si mwana." Anatenga ndowa, naidzaza, naikhazika pa sitepe m'kati mwa dziwe, madzi a m'ndowa ndi a kunja ali pa msinkhu umodzi. Anaika chizindikiro ponse pawiri. "Ku Joni timayesa chonchi. Dzuwa ndi mphepo zimamwa mofanana m'ndowa ndi m'dziwe. Akatsika a m'dziwe okha, ndiye kuti likudontha, koma dziwe lomanga ine silidontha. Kiyi agona pakhosi panga lero. Mawa ndikapeza madzi ali ofanana, ndidziwa kuti wakuba anali wosunga kiyi. Mudzatolere katundu wanu."

"Ndipite kuti, adumbu?"

"Kwa amene mumawagawira madziwo."

Anaitaniratu amalume, akulu a mpingo ndi anzake kuti mawa lake adzadye mbuzi, adzamve chigamulo, ndi kumuona iye akusambira monga asambirira ku Joni.

Taonani tsono pamene panaima Dyness. Mwezi wathunthu ankapemphera kuti chotunga madzicho chileke. Lero, chikaleka, iye alibe denga. Anapita kwa Mable, mnansi wake, namuuza zonse, za masamba zomwe. Mable anabwera ndi bulangete ndi buku lake la nyimbo.

Tambala woyamba atalira, awiriwo anatuluka n'kukhala pakhonde, moyang'anana ndi geti. Kunali kusanayere. Pampu inali duu, poti imayenda ndi dzuwa. Kudambo achule ankaimba, ndipo kutali, kunjira ya ku Boma, belu la njinga linalira kamodzi. Mpweya unkanunkha klorini ndi fumbi.

Achule analeka. Onse pamodzi.

Fungo la klorini linachoka. Panabwera lina. Utsi wa nkhuni, ndi fodya wa m'mphuno.

Mable anagwira dzanja la Dyness.

Kuseri kwa mpanda wina anatsokomola. Kachifuwa kouma, kawiri, kenaka kupuma. Dyness anakula akumva kachifuwa kameneko.

Kubwi. Chikho kumira m'madzi. Khuthuuu, m'ndowa. Kubwi. Khuthuuu. Mosafulumira, monga munthu wodziwa ntchito yake.

Kenaka phwa, phwa, phwa, phwa, phwa. Masamba.

Zii.

"Nitwikeko."

Mawuwo anali otsika, a mayi wokalamba. NyaShaba sanayankhulepo Chichewa. Umo ndimo ankapemphera mwana pachitsime kuti agwire mbali ina ya ndowa, amusenzetse pamutu.

"Usayankhe," ananong'ona Mable.

Koma mawondo otupa aja anali ataimirira kale. Dyness anafika pageti, nagwira zitsulo. Zinali zonyowa. M'kati munali madzi okha, akugwedezeka.

"Amama," anatero chapansipansi, "kiyi ali ndi Zondwayo."



Loko sanalire. Geti silinatseguke. Koma kamphepo kozizira kanamudutsa pambali, ndipo pa simenti panamveka mapazi. Opanda nsapato. Onyowa. Olemedwa.

Anakwera khonde. Anadutsa pafupi ndi Mable, amene anali ataphimba kumaso ndi buku la nyimbo. Anakaima pachitseko cha Zondwayo.

Go. Go. Go.

"Zondwayo. Nitwikeko, mwana wane."

M'chipindamo bedi linalira. Kenaka chinthu cholemera chinamveka chikukwekwesedwa pansi, mpaka chinatsamira chitseko.

Tambala wachiwiri analira. Achule anayambiranso.

Kutayera, ndowa ija inali pakhomo la Zondwayo, yodzaza mpaka m'milomo, masamba asanu a msuku ali pamwamba. Pambali pake panali nkhata ya udzu. Mapazi a pa simenti, ang'onoang'ono, ankauma awiriwo akuyang'ana, mpaka sipanatsale kanthu koti n'kuonetsa munthu.

Zondwayo anatuluka dzuwa litakwera, alendo atayamba kufika. Anavala kabudula wamaluwa, thaulo pakhosi, magalasi osambirira pamphumi. Maso anali psuu. Ndowa ija anailambalala ngati saiona. Anatsegula geti ndi kiyi wa pakhosi pake, nalamula Dyness kuti ayeretse dziwe komaliza. Dyness anayendetsa neti kuchokera uku mpaka uko. Munalibe tsamba ngakhale limodzi.

Anthu analowa n'kuzungulira dziwe, mbale za nyama zili m'manja. Madzi anali atatsika chala chimodzi.

"Ali ndi kiyi wina," anatero Zondwayo mokweza. "Kapena anakwera mpanda."

"Ndi mawondo amenewa?" anafunsa amalume. "Pa mabotolo?"

"Nanga usiku mwagona bwanji, a Moyo?" anafunsa Mable.

"Ngati mwala, mama. Makora chomene."

"Simunamve kugogoda?"

"Kugogoda kwa chiyani? Inu anthu a kumudzi, mphepo ikakankha chitseko mumati agogo abwera. Mzimu wa kuno ungapirire klorini? Ine ndakhala m'madzi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Madzi amandidziwa, amandipatsa moni."

"Tasambirani tsono tione," anatero mkulu wina wa mpingo.

"Munthu sasambira atangodya."

"Simunadye kanthu inu."

"Ndi njala ndiye n'zoopsa kwambiri. Dikirani kaye ndikuonetseni umboni." Ananjuta m'mphepete mwa dziwe, chala chili pa chizindikiro chake.

Apo m'pamene Dyness anamva fungo lija. Fodya wa m'mphuno, masanasana. Anayang'ana Mable. Mable anali atasiya kutafuna.

"Nitwikeko."

Ena onse amati anangomva kamphepo. Dyness ndi Mable amati anamva liwu. Koma zimene anachita Zondwayo anaziona aliyense. Anadzambatuka ngati kamwana kodzidzimutsidwa, natambasula manja onse awiri kutsogolo monga wogwira ndowa, nati, "Yewo, amama." Anaponya phazi limodzi kupita kwa woitanayo.

Kumeneko kunalibe pansi.

Phava!

Mutu unatulukira, n'kumira, n'kutulukiranso. Manja ankamenya madzi ngati nkhuku yodulidwa khosi.

"Amama, ndapota! Ndinamva! Ndinamva mukugogoda! Ndibwera kumanda, ndibwera lero lomwe! Adumbu, ndigwireni, sinditha kusambira!"

Dyness sanataye nthawi. Anatambasula mtengo wa neti, namukola mutu bwinobwino, namukokera kumbali monga amachitira m'mawa uliwonse.

"Imirirani, a Moyo," anatero Mable. "Tangoimirirani."

Zondwayo anaimirira. Madzi anam'lekeza pamchombo. Anali atagwera kosaya, kumene amasewera ana.

Woyamba kuphulika n'kuseka anali amalume, nyama inawatuluka m'kamwa. Kenaka bwalo lonse. Mkulu wa mpingo anachita kukhala pansi, akupukuta misozi ndi tayi.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu!" anafuula amalume.

"Ku Joniko ankandilola neti yokha," anatero Zondwayo, mano akugundana. "Kulowamo ayi."

"Madzi akupatsani moni chomene lero!"

Zondwayo anavula chingwe cha kiyi pakhosi, nachipereka kwa mlongo wake osamuyang'ana kumaso. Dyness atachotsa neti pamutu pake, anthu anasekanso koposa, chifukwa pa dazi pake panamatirira tsamba, ngati kachipewa. Dyness yekha ndiye sanaseke. Analimatula, nalitembenuza. Linali la msuku, laliwisi, pothyoledwa pakadali ponyowa utomoni. Dziwelo anali atangoliyeretsa ndi manja ake.

Zondwayo anapitadi kumanda madzulo omwewo, amalume ali patsogolo. Zimene anakanena kumeneko ndi zake. Dyness akadali m'chipinda chake chakumbuyo, geti amalikhoma monga kale, ndipo madzi ndi oyera moti mukhoza kuwerenga matailosi a pansi. Koma ikafika Okutobala, amadzuka tambala woyamba, natsegula geti, nalitseka kumbuyo kwake. Mable amati amamumva akubuula pang'ono, ngati munthu wosenzetsa mnzake ndowa yodzaza. Kakhumi. Ine ndinamufunsa, iye anangondithirira tiyi.

Zondwayo akabwera kutchuthi masiku ano, za pulu sazitchulanso. Koma akamadutsa pamsika wa Manyamula, chifuwa chili patsogolo, sipalephera kumveka mayi wina kuseri kwa mulu wa tomato akuitana mwaulemu wonse: "Imirirani, a Moyo! Tangoimirirani!"