Kamtengo Kotsiriza ka Bambo Baltazar

Mmawa umenewo nkhungu inakuta Ulongwe mwakuti sukanazindikira ngakhale m'bale wako ali patsidya pa msewu. Efigénia anali pokwerera chapa, minibasi za kuno, ndi matumba awiri a kachewere, akudikira yopita ku Kalomwe. Poti manja anali atauma ndi chisanu, ankangoseweretsa kabokosi kachitsulo kosungira machesi kamene sikankachoka m'thumba mwake.

"Mana, mlongo wanga, mungandigaireko moto?"

Atacheuka anaona mnyamata wamtali, wovala jekete lakuda, ndudu ili pakati pa zala. Koma maso ake sanali pa nkhope ya Efigénia ayi. Anali pa kabokosi kaja. Wina akanayamba kudabwa pomwepo, koma nanga mtima wa mtsikana umafunsira nzeru kwa ndani?

"Pepani, aka sikoyatsira. Nka malemu bambo anga."

"Ndiye ndudu ithe ntchito," anatero mnyamatayo akuibweza m'thumba. "Ndimafuna moto wa fodya, koma ndapeza wina woposa. Ndine Silvano. Nanga mwini wa maso okongolawa ndani?"

Efigénia anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunamulowetsa m'mavuto.

M'chapa anakhala mpando umodzi. Silvano anati amakhala ku Tete ndipo amakonda zinthu zakale za osuta fodya: akaliwo, tinyanga tosungira fodya wamphuno, mabokosi a machesi. Pakamwa pake panali potsetsereka ngati therere.

"Mukudziwa kuti machesi akalekale ankayaka paliponse? Pakhoma, pamwala, ngakhale pansi pa nsapato. Koma mankhwala ake anali poizoni. Atsikana amene ankawapanga ku Ulaya ankawola nsagwada, mano nkumayoyoka akadali moyo."

"Mayo ine! Nkhani yanji imeneyo mmawa uno?"

"Dikirani, mathero ake ngokoma. Pambuyo pake anapanga machesi okhulupirika, oyaka pabokosi lake lokha basi. Ine ndine wa mtundu umenewo. Ndakhala ndikufunafuna bokosi langa."

Pofika ku Kalomwe, nambala ya Efigénia inali kale mu foni ya Silvano.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula ya Januwale.

"Wadzuka bwanji duwa langa la ku Fonte Boa? Kuno ku Tete dzuwa likuwotcha, koma ine ndikuzizidwa poti uli kutali."

"Amori wanga, ndine kamtengo ka machesi, iwe ndiwe bokosi langa. Sindidzayaka kwina kulikonse koma pa iwe wekha!"

Efigénia ankawerenga ali m'munda, khasu lili chilili, mpaka amayi ake, Mayi Gracinda, ankachita kumukuwira. Chikondi chinamugwira zenizeni, osati zamasewera. Ndipo tsiku lina, mosaganiza, analemba kuti: "Kabokosi kaja unakakonda nkamodzi chabe. Kunyumba kuli sutikesi yodzaza."

Loweruka lomwelo Silvano anatulukira pa njinga yamoto, shuga ndi mafuta ophikira zili m'manja.

Sutikesi ya malemu Bambo Baltazar inkakhala pansi pa bedi la amayi. Munali akaliwo atatu, kanyanga ka fodya wamphuno kokulungidwa ndi waya wamkuwa, ndi mabokosi a machesi makumi anayi ndi awiri. Ena anali a agogo amene anakagwira ntchito m'migodi ku Joni, ena a ku Beira, ena a m'zaka zothawa nkhondo ku Dedza. Pamwamba pake panali zithunzi zofwifwa: njovu, nkhunda, sitima yapamadzi.

Silvano ananyamula bokosi limodzi ndi zala ziwiri, nkulinunkhiza.

"Bwanji lililonse lili ndi kamtengo kamodzi?"

"Nthawi ya nkhondo, bambo ndi amayi akuthawira ku Malawi, mvula inawavumba masiku atatu m'mapiri," anatero Efigénia. "Amayi anatsala pang'ono kufa ndi chisanu. M'bokosi munali mutatsala kamtengo kamodzi, ndipo moto wa kamtengo kameneko ndi umene unawapulumutsa. Kuyambira pamenepo bambo sankayatsa kamtengo kotsiriza. Ankakasunga pamodzi ndi bokosi lake."

Chimene sananene nchakuti Bambo Baltazar ankaviika mutu wa kamtengo kalikonse mu phula la kandulo kuti chinyezi cha kumapiri kuno chisakaononge. Nchifukwa chake ukagwedeza bokosi, kamtengoko kankalira molemera: gu, gu, gu. Efigénia anakula ndi phokoso limenelo. Akawasowa bambo ake ankalowa kuchipinda, nkugwedeza bokosi pafupi ndi khutu, mtima nkukhala pansi. Chimenechi chinali chinsinsi chake, ndipo anachita manyazi kuuza mwamuna.

Mlendo atapita, Mayi Gracinda anakhala pansi nkuyamba kusenda nyemba.

"Mwana wanga, mnyamata wakoyu wamwa tiyi wanga maso ali kuchitseko cha kuchipinda."

"Amayi, inunso! Munthu asakonde zinthu zakale?"

"Wafunsa mafosifolo, machesi a bambo ako aja, limodzilimodzi. Koma manda a bambo ako wafunsa kuti ali kuti?"

Efigénia anakwiya. Kodi amayiwa sakufuna kuti akwatiwe? Kodi azikalamba akugulitsa kachewere pa Kalomwe? Madzulo omwewo anamuuza Silvano zonse, ndipo yankho linabwera msangamsanga.

"Usalire, kerida. Ndibweretsa ankhoswe anga mwezi wamawa. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, ndidzakusamala mpaka imfa!"

Atakumananso pamsika, pa merikado, Silvano anamuveka kamkanda kasiliva, nkupempha chikole.

"Undipatse chinthu chimene umachikonda koposa, kuti ndikagona ndizimva mtima wako."

Efigénia anapisa m'thumba. Kabokosi kachitsulo kaja kanali kofunda ndi thupi lake. Anazengereza pang'ono, kenako anakaika m'manja mwa Silvano. Pobwerera kunyumba dzanja lake linkangopisa m'thumba lopanda kanthu.

Kutatsala masabata atatu kuti chinkhoswe chichitike, Silvano anabwera ndi ganizo.

"Amayi," anatero atagwada mwaulemu, "zinthu za bambozi zikuwonongeka pansi pa bedi. Ndiloleni ndipite nazo ku Tete, mmisiri akazipangire kabati yagalasi. Tsiku la chinkhoswe tidzaziike pabalaza, kuti nawonso bambo adzakhale nafe."

Efigénia anagwetsa misozi. Mwamuna woganiza chotere angapezekenso kuti?

Mayi Gracinda anayang'ana mwana wawo, nkuyang'ana mlendoyo.

"Bambo ako anasiyira iwe zimenezi. Ukafuna, pereka. Ine pakamwa panga ndatsuka."

Sutikesi inamangidwa kumbuyo kwa njinga yamoto, nkulowa mu nkhungu. Efigénia anaima pamsewu mpaka phokoso linazilala.

Masiku khumi ndi awiri anadutsa. Mauthenga anayamba kuchepa, mafoni ena osayankhidwa. Efigénia anawonda, ndipo amayi ake sananene kanthu, zimene zinkamupweteka kuposa kukalipidwa.

Kenako, tsiku la khumi ndi chitatu, njinga ija inalira pabwalo!

Kabati inali yokongola zedi. Mabokosi onse makumi anayi ndi awiri anali atandandalikidwa pa nsalu yofiira, njovu, nkhunda, sitima yapamadzi, akaliwo ndi kanyanga zili pakati. Efigénia anawerenga kawiri, nkutembenukira kwa amayi ake monyadira.

"Mwaona amayi? Palibe chasowa!"

Anatambasula dzanja kuti atsegule, koma pachitseko panali kaloko kakang'ono.

"Aa, kiyi ndaiwala ku Tete!" Silvano anadzimenya pachipumi. "Ndidzabwera nayo Loweruka, tidzatsegule tonse pamaso pa abale. Usakhudze, wamva amori? Galasili ndi losachedwa kusweka."

Sanamwe ngakhale tiyi. Anati mvula ikubwera, ngakhale kumwamba kunalibe mtambo.

Loweruka lachinkhoswe linafika. Nkhuku zinaphedwa, thobwa linadzaza ndowa, amayi a kutchalitchi anabwera ndi zitenje zofanana. Amalume ake a Efigénia, a Xavier, amene anali nkhoswe, anavala suti yawo nkukhala pampando pansi pa mtengo wa mapichesi.

Nthawi ya teni koloko mmawa imene anapangana inali itadutsa kale, dzuwa linafika pamutu. Kenako linapendeka. Anthu anasiya kuimba nkuyamba kunong'onezana. Njinga iliyonse ikamveka kumsewu, makosi onse ankatembenuka, koma inkangodutsa.

Efigénia anaimba foni kasanu ndi kawiri. Inkangoitana.

Mwina ngozi? Mwina chapa ya ankhoswe yawonongeka panjira? Analowa m'nyumba ndi diresi lake lachinkhoswe, nkuima patsogolo pa kabati. Panthawi ngati imeneyi ankafuna chinthu chimodzi chokha, kumva bambo ake.

Anatenga mpeni wakukhitchini nkukanula kaloko kaja.

Anatola bokosi la njovu, limene ankalikonda kuyambira ali mwana, nkuliika pakhutu. Anagwedeza.

Tche, tche, tche.

Anagwedezanso. Kaphokoso kopepuka, kouma, kachilendo. Anatola la nkhunda. Tche, tche. La sitima yapamadzi. Tche, tche.

"Ayi! Ayi, Mulungu wanga, ayi!"

Anatsegula bokosilo. Kamtengo kanalimo ndithu, kamodzi, koma koyera mbee, katsopano, mutu wake wopanda phula. Atayang'anitsitsa anaona kuti chithunzi cha njovu chinali pepala losindikizidwa dzulodzulo, lodetsedwa dala kuti lioneke lakale. Linkanunkha guluu ndi masamba a tiyi. Kanyanga kaja kanali kapulasitiki. Akaliwo anali osasutidwapo nkamodzi komwe.

Mayi Gracinda anali ataima pakhomo. Anamva okha kaphokoso kaja.

"Anawerenga timitengo," anatero motsitsa mawu, "koma sanamvere."

Pomwepo foni inalira. Uthenga.

"Efi, usandidikire, ndawoloka kale malire. Zinthu zija zikanangowola pansi pa bedi, koma kumene zapita kuli anthu odziwa mtengo wake. Kabatiyo ndakusiyira, ndi yokongola. Ndiwe mtsikana wabwino, upeza wina. Nambala ino usaimbenso."

Efigénia anawerenga mpaka kumapeto, nkuyambiranso. Anafufuza mawu akuti pepani, koma munalibe. Miyezi inayi yonse ya "amori wanga" inali ya sutikesi! Ndipo kabokosi kachitsulo kaja, kamene bambo ake anamufumbatitsa ali pa bedi la chipatala, anakapereka yekha, ndi manja ake awiri, akumwetulira.

A Xavier anasuzumira pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Mphwanga, anthu aja ndiwauze chiyani?"

"Auzeni adye, achimwene," anayankha Mayi Gracinda m'malo mwake. "Nkhuku zafa kale."

Efigénia anakhala pansi, diresi lili mbwee pa simenti. Ankayembekeza kuti amayi ake anena kuti ndinakuuza. Akanakonda akananena, mwina akanapeza pokwiyira. Koma iwo anangokhala pambali pake nkumuchotsa kamkanda kaja m'khosi. Pamene panadutsa mkandawo, khungu linali litada ndi dzimbiri.

"Amayi, ndagulitsa bambo anga ndi mawu otsekemera."

"Bambo ako sali m'bokosi, mwana wanga."

"Nanga ndikawasowa ndizigwedeza chiyani?"

Pamenepo Mayi Gracinda nawonso misozi inatsika.

Kunja nkhungu yamadzulo inali itayamba kutsika m'mapiri, m'nyumba mukuchita mdima. Efigénia anayang'ana kandulo imene inali pa tebulo, yogulira chinkhoswe. Anakumbukira uthenga uja anauwerenga kambirimbiri m'munda: "Sindidzayaka kwina kulikonse koma pa iwe wekha!"

Anatulutsa kamtengo ka Silvano, nkukakhwatcha m'mbali mwa bokosi la Silvano.

Palibe.

Anakhwatchanso, mwamphamvu, mpaka mutu wa kamtengo unanyenyeka. Ngakhale kautsi sikanatuluke. Atapaka chala m'mbali mwa bokosilo, chala chinabwera chofiirira. Panalibe mankhwala oyatsira. Unali utoto chabe.