Chaka Chimene Maluwa Anasiya Kununkhira

M'mawa wina mu Seputembala 2074, Fatsani Namathanga anatsegula bokosi pakati pa munda wa vanila, mbewu yonunkhiritsa zakudya, ku Muloza, ndipo njuchi zachitsulo zikwi zitatu zinatuluka zikunyezimira mobiriwira. Iliyonse inkalowa m'duwa, kutuluka ndi mungu pamsana, n'kupita pa lina. Ntchito imene amayi makumi anayi ankagwira ndi manja tsiku lonse inatha dzuwa lisanatenthe.

Fatsani, katswiri wa makina, anaonera nzeruyi pa njuchi zenizeni za m'nkhalango zotentha za pakati pa Mexico ndi Brazil, zomwe kuno ku Africa kulibe. Zamphongo za mtunduwu zimapala fungo la maluwa ndi miyendo yakutsogolo, n'kulisunga m'timatumba ta miyendo yakumbuyo kuti zikope zazikazi. Makina akenso ankapala fungo, chifukwa ndi limene linkawalozera duwa lotsatira. Anthu anawatcha akokafungo.

Azakhali ake, mayi Esinati, omwe ankaweta njuchi m'ming'oma makumi asanu m'munsi mwa phiri la Mulanje, sanaombe m'manja pamodzi ndi anthu amene anabwera kudzaonerera.

"Timatumbato tikadzaza, fungolo zikapereka kwa ndani?" anafunsa.

"Zazikazi palibe, azakhali. Zimangolitentha m'kati, n'kuyambiranso."

"Ndiye wapanga chinthu chosakhuta."

Fatsani anaseka.

Maluwa a vanila anatha mu Novembala, koma akokafungo sanabwerere m'bokosi. Mphamvu ankatenga kudzuwa, ndipo lamulo la m'bongo mwawo linali limodzi: funa fungo. Analowa m'minda ya nyemba ndi maungu, kenaka anakwera phiri. Maluwa ankamasula bwinobwino, koma poti analibenso fungo, njuchi zenizeni zinkawadutsa osatera, n'kubwerera kumng'oma zopanda kanthu.

Mu Malichi mayi Esinati analowa mu ofesi ya Fatsani osaodira. Anakhuthula ndowa patebulo pake. Njuchi zakufa zinakwirira kompyuta, zina n'kugwera pamiyendo pake.

"Ziyang'ane. Usatembenuke, ziyang'ane."

"Azakhali, khalani pansi tikambirane."

"Ndikhale pansi? Zafa ndi njala maluwa ali mbuu munda wonse. Maungu a mudzi wonse ayoyoka osabereka. Ndinakufunsa pamaso pa anthu, iwe n'kundiseka ngati ndapenga."

"Palibe amene akanadziwa."

"Ine ndinadziwa, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Iwe unaphunzira za miyendo ya njuchi za kwa eni, koma sunafunse chimene chimaziletsa kumaliza nkhalango yawo. Kwawoko zimafa, zimadyedwa ndi mbalame, zikapeza mkazi zimatanganidwa. Zakozi zidzaima liti?" Anamenya tebulo ndi ndowa ija. "Ziitane. Lero lomwe, ine ndikuona."

Fatsani anayang'ana njuchi zakufa zija.

"Ndayesa kale kanayi," anatero.

"Ndiye?"

"Chizindikiro chowaitanira ndi fungo lapadera limene bokosi limatulutsa. Oyamba kufika amalipala lonse. Enawo salimva."

Mayi Esinati anamuloza ndi chala.

"Bambo ako, mchimwene wanga, anakusiya m'manja mwanga uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Uchi wa njuchi zimenezi ndi umene unakuphunzitsa. Usadzapondenso pakhomo panga mpaka mng'oma umodzi utalira ndi njuchi zamoyo."

Anatola ndowa yawo n'kutuluka, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Fatsani anakhala miyezi isanu akuyenda m'minda ndi ukonde. Anagwira akokafungo mazana awiri okha. Otsalawo anali atawoloka kale mtsinje kupita ku Milanje, ena akuoneka ku Thyolo. Chaka chimenecho vanila anachuluka kuposa kale lonse, koma mango ndi mapeyala sizinaoneke pamsika wa Limbuli. Amayi ogulitsa akamuona Fatsani ankamutembenuzira msana.

Ana obadwa ku Muloza nyengo imeneyo anakula akudziwa kuti duwa ndi chinthu chongoona ndi maso.