Timitengo ta Makatoni a Nsapato

Mu shopu ina ya nsapato munali mtsikana amene anzake ankamutcha Sizasi, chifukwa makasitomala akangochepa, iye ankakhala kuseri kwa kauntala n'kumadula makatoni otha ntchito.

Lachiwiri lina, kutatsala masabata atatu kuti Khirisimasi ikwane, kunabwera dalaivala watsopano wa galimoto yobweretsa katundu. Anatsitsa mabokosi n'kupereka pepala loti asaine, koma maso ake anali pa kanthu kosongoka kamene kanaima pafupi ndi makina a malisiti.

"Achemwali, kameneka n'kachipewa ka mbewa?"

Sizasi anaseka mpaka bolopeni inagwa. "Ndi kamtengo ka Khirisimasi. Simukuona?"

"Ine ndikuona manja okongola basi. Mwapanga bwanji?"

Anamuonetsa. Anaika mbale yake ya pulasitiki pa chivindikiro cha katoni, n'kuzunguliza bolopeni. Anadula bwalolo pakati, n'kupinda theka limodzi mpaka linasongoka ngati fanulo. Guluu pang'ono m'mphepete, pegi ya zovala kuti kagwirane, kenako pepala lobiriwira lokutira mphatso ndi kaulusi pansonga.

"Munthu wodziwa kusandutsa zinyalala kukhala maluwa ndi amene ndimamufuna ine," anatero dalaivala uja. "Nambala yanu mungandimane?"

Sanamumane.

Madzulo omwewo foni inalira. "Duwa langa, ndayenda misewu yambiri koma lero ndafika." M'mawa mwake: "Wadzuka bwanji, switi wa mtima wanga? Ndalota ukundipinda ngati katoni."

Sizasi ankawerenga mauthengawo kangapo, akumwetulira yekha m'chipinda chosungira katundu. Kodi ndani anayamba wamuuzapo mawu otere? Pa zaka zake makumi awiri ndi zitatu, amuna ankangomufunsa ngati pali sayizi naini.

Loweruka lotsatira dalaivala anamutenga poweruka. Ali m'njira anaima pa geti lina lofiira.

"Ungodikira m'galimoto, bebi. Ndikawasiyire amayi mankhwala. Akudwala, safuna alendo."

Atabwerako anali ndi nkhope yachisoni. "Nyumba ija yangoti zii. Ukanawapangira timitengo tako mwina akanamwetulira. Akangopezako bwino ndikakuonetsa kwa iwo. Chaka chamawa mphete ili pa chala ichi, ndikulumbira!"

Sizasi anagwira ntchitoyo ngati mayeso. Anapanga timitengo makumi awiri, tofiira, tobiriwira ndi tagolide. Zala zinatupa ndi sizasi, guluu anakakamira m'zikhadabo. Mkati mwa kamtengo kalikonse anamatamo kapepala koyera kokhala ndi mawu achikondi. Ankati amayi odwalawo sadzasuzumiramo, koma iye adzanong'oneza wokondedwa wake za timapepalato Khirisimasi ikadutsa.

Tsiku loti dalaivala adzatenge bokosi la timitengoto linafika, koma kunabwera uthenga. "Pepa duwa langa, andituma kutali. Ndidzatenga mkuja."

Mkuja? Khirisimasi inali mawa! Kodi amayi odwala adikire chifukwa cha ntchito? Sizasi anavala diresi lake labwino, ananyamula bokosi, n'kukwera basi. Geti lofiira lija sanaliiwale.

Anagogoda. Anatsegula mayi wina wamng'ono ndithu, manja ali ndi thovu la sopo.

"Ndabweretsa zokongoletsa m'nyumba," anatero Sizasi. "Anandituma ndi adalaivala."

"Ooh, ndinu a ku shopu ya nsapato! Lowani, lowani asisi. Koma amuna angawa! Anati akupanga ndi mayi wina wachikulire, woti akungomuthandiza chifukwa cha chisoni. Kodi ndi amayi anu?"

Amuna anga.

Miyendo ya Sizasi inamulowetsa yokha pabalaza. Pamwamba pa TV panali chithunzi cha ukwati, dalaivala uja ali mu suti yotuwa, akuseka kuseka komwe kuja.

"Nanga... amayi odwala aja?"

"Apongozi anga? Amakhala kutali, ndipo ali ndi mphamvu kuposa ine. Khalani pansi, ndikupatseni madzi."

Akanathawa pomwepo. Akanalanda bokosi n'kunena kuti wasochera. Koma kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kanali katatulukira kale kuchipinda, n'kugwada pa bokosilo.

"Amama, taonani! Tagolide!"

Kanatenga kamodzi, kanakazunguza ndi ulusi, kenako kanasuzumira kunsi.

"Muli malemba! Ndiwerenge, amama? Ndimatha tsopano." Kanaika chala pa kapepala. "Ndi-ma-ku-ko-nda, da-la-i-va-la wa m-ti-ma wa-nga. Du-wa la-ko."

Thovu linkadontha kuchoka m'manja mwa mayi uja n'kugwera pa kapeti.

"Pita kuchipinda, mwanawe. Tseka chitseko."

Mayiyo anapukuta manja pa siketi, anakhala pansi, n'kuyamba kutembenuza timitengo kamodzikamodzi. Sanakalipe. Ankangowerenga chamumtima n'kuimika patebulo. "Chaka chamawa ndidzakhala mkazi wako." "Ndimasunga fungo lako pa mpango wanga." Sizasi ankadziwa mawu alionse, ndipo kalikonse kakatembenuzidwa ankamva ngati akumuvula pa msewu.

"Sindinkadziwa, mayi," anatero Sizasi. "Mulungu ndi mboni, sindinkadziwa!"

"Simunafunse?"

Sizasi anaweramitsa mutu. Ayi, sanafunse. Munthu woti foni yake siinkapezeka Lamulungu, munthu womusiya m'galimoto ngati katundu! Anaziona zonsezo, koma anasankha kusaziona. Manyazi ake enieni anali amenewo.

Nthawi yomweyo foni inalira m'chikwama. Anaitulutsa, anayang'ana, ndipo anaipereka kwa mayi uja.

"Duwa langa, ndakusowa. Iwe ndiwe wekha pa dziko lonse."

Mayiyo anawerenga kawiri. Kenako anadina nambala ija n'kukweza mawu kuti onse amve. Inangoitana kamodzi.

"Switi wanga! Ndimakuganizira pompano."

"Ndine amake mwana," anatero mayiyo modekha. "Timitengo tafika."

Kunamveka kupuma, kenako hutala ya galimoto ina patali, kenako foni inaduka.

Mayi uja anabweza foniyo. Maso ake anali atafiira, koma misozi sinagwe. "Pitani asisi, asakupezeni pano. Zotsalazi ndi za ine ndi iye."

Sizasi anatambasula manja kuti atenge bokosi.

"Tisiyeni. Ndikufuna awerenge yekha, mokweza, tonse makumi awiri."

Anatuluka osadziwa kuti atsanzike bwanji. Kodi munthu amati chiyani kwa mkazi amene wamuonongera Khirisimasi ndi manja ake omwe? Tsalani bwino?

Atafika pa geti, zenera la kuchipinda linatseguka. Kamtsikana kaja kanatulutsa mutu, kakugwedeza kamtengo kagolide kamene kanabisa m'malaya.

"Anti! Zikomo kwambiri! Anti, dalaivala wanuyo ndi ndani? Adadi anganso ndi dalaivala!"

Sizasi anakweza dzanja pang'ono, anatseka geti bwinobwino kuti lisachite phokoso, n'kuyamba kuyenda. Basi inaima pambali pake, kondakitala akuitana. Sanakwere. Sakanatha kukhala moyang'anizana ndi munthu aliyense.