Ndakatulo ya Ida, Dzina la Lyford

"Achemwali, mwayi umenewu ngwa ndani? Munthu kulemba kalata uku akumwetulira yekha!"

Ida Alufandika anatseka kope lake msangamsanga n'kulibisa kuseri kwa makina otayipira. Pa zenera la ofesi yake, pa bwalo la ndege la Chileka, panali patatsamira mnyamata wa tayi yofiira ndi tsitsi lopesa mzere. Anati dzina lake ndi Lyford Mailosi, mphunzitsi wa ku Lirangwe, ndipo wabwera ndi ana a sukulu kudzaona ndege.

Chinali chaka cha 1976. Ndikanakhalapo tsiku limenelo, ndikanamuuza Ida kuti atseke zeneralo ndi loko.

"Si kalata ayi," anayankha Ida. "Ndi tindakatulo tanga basi."

"Ndakatulo! Kukongola konseku, n'kukhalanso mlakatuli? Mulungu amakondera ndithu. Tandiwerengerani kamodzi kokha, ndikafe ndi mtendere."

Ida anali asanawerengerepo munthu aliyense. Kwawo ankati zolembalembazo ndi ulesi wa anthu oopa khasu. Koma tsikulo anawerenga mizere inayi. Lyford anagwira pachifuwa n'kutsinzina ngati wamva nyimbo ya kwaya.

"Inu si munthu wamba," anatero. "Inu ndi nyenyezi imene yasochera mu ofesi."

Basi, zinayambira pomwepo. Makalata anayamba kufika, ena atathiridwa pefyumu. "Duwa langa la ku Chileka, choko chikundigwa m'manja chifukwa cha iwe." Ina inati, "Wapamtima wanga, chimanga chikangolowa m'nkhokwe amalume anga afika kwanu. Ndikanama, mphenzi indiombe!"

Mphenzi sinamuombe, ndipo mpaka lero ndimaidandaula mphenziyo.

Loweruka lililonse lachiwiri Lyford ankabwera pa basi, ndipo Ida ankamudikira pa siteji atavala diresi lake la maluwa a buluu. Kupita ku Lirangwe kokha n'kumene Lyford ankakaniza. Ankati amagona m'nyumba ya ahedi, mkulu wa mpingo wovuta kwabasi, woti akangoona mtsikana pakhomo ntchito yatha. Ida anakhulupirira. Nanga wokonda amafunsa kawiri?

Loweruka lina basi inabwera yopanda Lyford. Inabweranso ina, yopanda Lyford. Ida anakhala pa mwala mpaka dzuwa kupendeka, ndipo m'malo molira anatulutsa kope n'kulemba:

Basi yabwera, basi yapita,
fumbi lake landiyeretsa nsidze.
Anzanga akuti tiye kwathu,
sadziwa kuti kwathu kunasamuka:
mtima wanga unakwera ya ku Lirangwe,
thupi lokha ndilo latsala pa siteji.

Inali ndi ndime zisanu. Lyford atabwera ndi zifukwa zake za maliro, Ida anamuwerengera yonse. Mnyamatayo anayang'anitsitsa kopelo.

"Dalingi, wamva za mpikisano?" anafunsa. "Kuli bungwe la alembi m'tauni likusonkhanitsa ndakatulo za chaka chino kuti zituluke m'buku limodzi. Yopambana aimasulira m'Chingerezi, ndipo mwini wake apita kunja kukakumana ndi alakatuli a maiko ena."

"Ndiye nditumize!" anafuula Ida.

"Shii! Tsitsa mawu." Lyford anayang'ana kumbuyo, monga ankachitira aliyense masiku amenewo. "Iwe ukudziwa kuti ndakatulo zatengetsa anthu angati? Munthu ulemba za basi, wina n'kukanena kuti basiyo ndi boma. Iwe umagwira ntchito pa bwalo la ndege, pamalo pa maso ambiri. Dzina lako likaoneka m'buku, akufunsa mafunso. Ine sindingalole kuti mkazi wanga wa mawa akagone m'chitokosi."

Apa sananame kwenikweni, ndipo n'chifukwa chake bodzalo linagwira. Aliyense ankadziwa wina amene anatengedwa pa galimoto osatsanzika.

"Nanga titani?" anafunsa Ida.

"Ilowe m'dzina langa. Zikavuta, atenge ine. Zikayenda bwino, ndikaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti mwini wake ndi Ida, mayi wa ana anga."

Ida analira ndi chimwemwe. Mwamuna wolola kumangidwa chifukwa cha iye! Anaitayipa yekha ndakatuloyo pa makina a ku ntchito nthawi ya nkhomaliro, ndipo pansi pake analemba ndi zala zake zomwe kuti Lyford Mailosi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chimanga chinalowa m'nkhokwe, amalume sanafike. Mvula inagwa, chimanga china chinamera. Makalata anayamba kuchepa ndi kufupika. Ida akafunsa za mpikisano, Lyford ankayankha kuti, "Sanayankhebe, duwa langa. Anthu a m'tauni ndi achinyengo." Kenaka kunangoti zii miyezi iwiri yathunthu.

Lachinayi lina m'mawa abwana anaponya pa tebulo la Ida maina a anthu okwera ndege ya masana kuti awatayipe. Zala zake zinathamanga monga mwa masiku onse mpaka pa dzina lachisanu ndi chiwiri. Pamenepo zinauma. Mailosi, L., wopita ku London.

"A Mailosi ndi ambiri m'dziko muno," anadziuza. Koma maso ake ankangobwerera pa dzinalo.

Cha m'ma leveni koloko lole inaima panja, yodzaza ndi anthu oimba. Anatsika azimayi a nthungululu, azibambo a majekete obwereka, ahedi ndi ndodo yawo. Kutsogolo kunatsika Lyford atavala suti yatsopano. Anatembenuka n'kutsitsa mosamala mayi wina wamfupi, mwana ali kumbuyo, pathupi pakuonekera. Mayiyo anali atakumbatira buku la chikuto chobiriwira.

Ida sanadziwe kuti watuluka bwanji mu ofesi. Anangozindikira ataima pamaso pa Lyford, pakati pa holo yodikiriramo.

"Aphunzitsi, muli bwanji?"

Nkhope ya Lyford inachita phulusa. Anamukokera pambali, pafupi ndi sikelo yoyezera katundu.

"Ida, ndimati ndikulembera ndikafika. Ndikufotokozera zonse, dalingi."

"Musanditchule dalingi! Mukupita kuti?"

"Ndi nkhani ya sukulu chabe..."

"Bodza! Mukupita ndi ndakatulo yanga! Munati sanayankhe. Munandiyang'ana m'maso n'kunena kuti sanayankhe! Nanga mayi mwamutsitsa ngati dzira uja ndani?"

"Tsitsa mawu, Ida, chonde. Pano pali anthu a makutu aatali. Ukachita phokoso titengedwa tonse."

"Nyimbo yomweyo! Munandiopseza nayo chaka chatha, lero mukufuna mundiopsezenso? Munati mukunditeteza. Fisi kuteteza mbuzi!"

Asanayankhe, mayi uja anafika akumwetulira, n'kupinda maondo mwaulemu.

"Bambo a Isaki, awa ndi a pantchito pano? Muli bwanji, achemwali? Ine ndine Malita, akazi awo a aphunzitsiwa."

Akazi awo! Mawuwo anamulasa Ida ngati minga ya m'phazi. Ndiye ahedi ovuta aja anali awa, a mwana kumbuyo? Ndiye maliro a Loweruka lija anali awa? Anafuna kukuwa, anafuna kung'amba suti ija kuyambira kolala mpaka thumba. Koma Malita anali akumupatsa kale buku lija ndi manja awiri.

"Pepanitu achemwali, inu ndi ophunzira. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 1. Akuti dzina langa lili m'bukumu. Amandiwerengera okha, koma ndimafuna ndimve pakamwa pa munthu wina, kuti ndikhulupirire kuti dzina la ine Malita lalowa m'buku."

"Malita, nthawi yatha, asiye anthu agwire ntchito," anatero Lyford, thukuta likutsika m'khosi.

"Iyayi aphunzitsi, musawakanize," anatero Ida. "Ndiwawerengera."

Anatsegula. Munali ndakatulo za alakatuli makumi atatu a chaka chimenecho, ndipo yake inali pa tsamba loyamba. Lyford sanasinthe ngakhale liwu limodzi, waulesiyo. Anangowonjezera mzere umodzi pamwamba. Ida anauwerenga mokweza.

"Yopambana mphotho yoyamba. Wolemba, Lyford Mailosi. Kwa mkazi wanga wokondedwa Malita, amene mtima wanga umathawira kwa iye ku Lirangwe."

Azimayi analuluta. Malita anabisa nkhope m'chitenje ndi manyazi okoma.

"Anailemba ali ku kosi ku Blantyre," anauza Ida monyadira. "Akuti ankandisowa mpaka kudwala."

Pamenepo mkwiyo wa Ida unasiya kuwira, unangouma gwa. Anatseka bukulo n'kuliika kumbuyo kwake. Anayang'ana Lyford m'maso, n'kuyamba.

"Basi yabwera, basi yapita, fumbi lake landiyeretsa nsidze..."

Ananena ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu, osaphonya liwu. Mawu ake anadzaza holo yonse, mpaka onyamula katundu anaima. Pa ndime yachinayi misozi inayamba kutsika, koma sanaipukute ndipo sanasiye. Atamaliza, azibambo ena anawomba m'manja, osadziwa chimene akuwombera.

Malita sanawombe. Kusaphunzira si kupusa.

"Achemwali," anatero pang'onopang'ono, "bukuli mwalitseka. Ndipo akuti lafika dzana, m'sitolo mulibe. Mwaidziwa bwanji yonse?"

"Afunseni amuna anu. Kapena auzeni anene okha ndime yachitatu, buku lili chitsekere. Si olemba ake?"

Anthu onse anatembenukira kwa Lyford. Iye anatsegula pakamwa, anakhosomola, anakonza tayi.

"Mutu wanga uli pa ulendo," anatero. "Mtsikanayu anangonditayipira, basi. Ndi nsanje chabe."

"Kukutayipirani?" Ida anaseka kuseka kowawa. "Ndinailemba nditakhala pa mwala apo pa siteji, ndikudikira inu! Chaka chonse mwakhala mukundilonjeza ukwati. Amalume anu aja ali kuti? Ndi awa avala jekete la khakiwa? Bwerani amalume, mundione, ndine duwa la ku Chileka!"

Mkulu wa jekete la khaki anayang'ana pansi. Ahedi anagogoda ndodo yawo pa simenti.

"Bambo a Isaki," anatero Malita, mawu ali pansipansi, "Loweruka lija mwana anadwala malungo, inu n'kukhala pakhomo nkhope ili ndwii, munkafuna kubwera kuno?"

Nthawi yomweyo chimkuzamawu chinaitana okwera ndege. Lyford anayang'ana mkazi wake, anayang'ana Ida, anayang'ana chitseko cha magalasi. Apa mpamene mwamuna weniweni akanaika sutikesi pansi. Lyford anainyamula.

"Tidzakambirana ndikabwera," anatero, osadziwika kuti akuuza uti.

"Pitani!" Ida anakuwa kumbuyo kwake. "Pitani mukaime pamaso pa alakatuli a dziko lonse ndi mawu akuba! Akakufunsani ina, mukawakhosomolere chomwecho! Wakuba iwe! Unandibera chaka, unandibera mtima, sunakhute, mpaka kundibera dzina!"

Chitseko chinatsekeka. Anthu a ku Lirangwe anakwera pa khonde la pamwamba pamene operekeza amaimapo, chifukwa lole anali atalipira kale ndipo ena anali asanaonepo ndege ikunyamuka. Koma nyimbo zinali zitatha.

Pansi panatsala akazi awiri. Ida anakhala pa benchi, buku lili pamiyendo. Malita anakhala kumapeto kwa benchi lomwelo n'kumasula mwana kuti ayamwe. Ndege inabangula kunja mpaka magalasi kunjenjemera. Palibe anadzuka kukabayibitsa.

"Ndiye mawu onse aja anali anu," anatero Malita phokoso litatha.

"Anali anga."

"Ankandiwerengera buku lisanatuluke, mpaka ine ndinaloweza ndime yoyamba. Ndinkaiimba popita kumunda." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndinauza mudzi wonse kuti amuna anga andilembera. Ndikabwerera bwanji pa lole imeneyi?"

Ida anamuyang'ana. Anali atakonzeka kudana naye mayiyu, koma chidani chinasowa pogwira.

"Tengani buku lanu, mayi," anatero.

"Si langa. Katundu wakuba ine sindisunga m'nyumba."

Ida anatsegulanso tsamba loyamba. Anasolola bolopeni m'thumba la bulauzi, n'kukhwatcha dzina la Lyford Mailosi mwamphamvu mpaka pepala kubooka. Pambali pake analemba ndi zilembo zazikulu: IDA ALUFANDIKA. Linali buku limodzi lokha mwa mabuku mazanamazana, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Malita anasuzumira pa tsambalo, maso akufufuza zilembo zimene sankazidziwa.

"Langa lija mwafufutanso?" anafunsa.

"Lanu ndalisiya," anayankha Ida. "Inu simunabe kanthu."