Mawu Anayi, Anthu Asanu

Kamphepo anali mwana wotsiriza m'banja mwawo. Anamupatsa dzinali chifukwa sankakhala pansi. Iye ankafuna kupekera amayi ake nyimbo. Loweruka linali tsiku lawo lobadwa.

Anathamangira kwa amalume ake, okonza mawailesi. Patebulo pawo panali mawaya mbwee! Amalume anatulutsa m'bokosi kagemu kakale, kachipangizo kosewerera m'manja. Kanali kotuwa ndi kokalikakalika. Anadina batani.

Pii! Tuu! Duu! Tsss!

Kamphepo anadumpha, maso tong'o! Kanthu kakalekale aka, kakuimba?

Amalume anamuphunzitsa kudina ndi kusanja mawu. Kamphepo anafuna kuti aliyense wa kwawo amveke m'nyimbomo. Duu duu anali abambo. Tuu tuu anali amayi. Pii pii anali achemwali. Tsss tsss anali achimwene, aphokoso aja. Pomaliza anaika mawu ake, tii tii.

Koma ha! Mawu a amayi anangoti zii! Anayesanso. Ulendo uno abambo ndiwo anati zii!  Kamphepo ankaganiza kuti wawononga kagemu.

Amalume anati sikanawonongeke ayi. Kagemu kakale kali ndi timilomo tinayi tokha. Wachisanu akalowa, wina amatuluka.

Kamphepo anawerenga zala. Kwawo analipo asanu. Anangoti kukamwa yasa! Nanga asiye ndani? Abambo? Ayi. Amayi, eni nyimbo? Ayi ndithu. Misozi inalengeza m'maso.

"Basi, ndichoke ine," anatero.

"Usachoke, mwanawe," anayankha amalume. "Anthu awiri angathe kusinthana kamlomo kamodzi. Wina akapuma, mnzake aimbe."

Kamphepo anapukuta misozi. Anadziika pa kamlomo ka amayi. Tuu, tii! Tuu, tii! Anadina mpaka chala chinawawa.

Loweruka onse anakhala pabalaza. Kamphepo analiza nyimbo ija. Abambo anaiwala tiyi m'manja.  Kamphepo anatchula mawu a aliyense, koma ake anabisa.

Amayi anatchera khutu. Tuu, tii! Tuu, tii!

"Nanga uyu akunditsata pambuyoyu ndani?" anafunsa.

"Ndine, amayi. Malo anachepa."

Amayi anagwira pakamwa. Kenaka anaseka mpaka misozi.

"Ukulu wonsewu, wabwereranso kumsana kwanga? Bwera tsono!"

Anawerama. Kamphepo anakwera kumsana, miyendo ili lendelende. Awiriwo anavina mpaka nyimbo inatha.