Chikope Chachitatu cha Laurindo

Izi sindikupeka ayi. Mana Rosalina, ndiye kuti achemwali Rosalina, wa ku Majaua akadali moyo, kawafunseni, ngati angalole kuzikambanso.

Anthu atabwerako ku misasa ya othawa nkhondo ku Malawi, Delfina, mng'ono wa Rosalina, anamanga kanyumba pa bwinja la makolo, iye ndi mwana wake Belinha, wobadwira ku msasa. Mwamuna wake Laurindo anasowa pa nkhondo. Maliro ake anali atalira kale, m'manda anaikamo thunthu la nthochi. Ndiye tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, uyo Laurindo pakhomo! Wowonda, wosalankhulalankhula. Munthu woliridwa maliro salowa m'nyumba asanasambe mankhwala, ndani sadziwa? Koma chimwemwe chimaledzeretsa. Delfina anamukokera m'nyumba.

Kuyambira tsikulo nkhuku zinaleka kutuluka pansi pa nkhokwe. Thadzi linkalira kulira kuja kobisa anapiye, kumwamba kulibe kanthu. Mphasa ya Laurindo inkanunkha nthenga zonyowa.

Tsiku lina Delfina anaona chachilendo akusenda chinangwa. Belinha ankasewera pabwalo, bambo ake ali pachitsa, thupi lili duu, mutu wokha ukutsatira mwana. Kenaka Laurindo anaphethira. Zikope sizinagwedezeke. Kanthu koyera, kopyapyala ngati kakhungu ka m'kati mwa dzira, kanadutsa pa diso chopingasa n'kubwerera.

Mpeni unamugwa m'manja Delfina. Mantha anamuthamangitsira kwa Rosalina, amene anakolapo akabawi ambiri akuba anapiye. Atamva, Rosalina anati chikope chachitatu chotero anachiona pa kabawi: amachitseka kuti chimene wagwira chisamukande m'maso.

"Amachitseka liti, mana?"

"Akamatsika." Rosalina anatsitsa mawu. "Mwana wamusiya ndi yani?"

Delfina anabwerera akugwa akudzuka. Pabwalo pali zii. Pachitsa palibe munthu. Belinha anali chiimire pakati pa bwalo, osalira, timagazi tikutsika m'mapewa onse awiri. Laurindo sanaonekenso, ngakhale mapazi ake pafumbi.

Delfina anamubereka mwanayo n'kuuyamba ulendo wothawira ku malire a Malawi, Rosalina akutsatira pambuyo, nkhope ya mwana ili kwa iwo. Pamudzi wina anapiye ankapalasa m'mbali mwa msewu. Belinha anatembenuza mutu n'kuphethira. Rosalina anaima.

"Mwaona chiyani, mana?"

"Palibe. Tiye."

Delfina sanacheuke. Anangomangitsa nsalu, mwana ali chete kumsana.