Kamaso ndi Udzu Wonong'ona

Mtsikana uyu ndi Kamaso. Dzinali anampatsa ndi bambo ake. Maso ake ndi aakulu ngati mabatani a jekete.

Kamaso ali ndi chinsinsi. Chinsinsicho si chake. Ndi cha bambo ake.

Bambo ake amasamalira munda wa maluwa pa hotela. Amadzala, amathirira, amadulira. Koma masiku ano maso awo achita chifunga.

"Usauze munthu," anamunong'oneza bambo. "Abwana akangomva, ntchito yatha."

Loweruka lina abwana anawatuma ku nazale, kogulitsa mbande.

"Ndikufuna udzu wokongoletsa munda," anatero abwana. "Ukhale wobiriwira modera. Wachikasu ayi. Wotuwa ayi."

Panjira bambo anagwira dzanja la Kamaso.

"Mwanawe, lero maso anga ndiwe," anatero.

Ku nazale anapeza mayi wogulitsa atavala majombo.

"Udzu uli mu shedimo," anatero mayiyo. "Sankhani nokha. Ine ndikuthirira."

Shediyo inali yofoleredwa ndi neti yobiriwira. Mkati munali kamdima. Udzu unali m'miphika yakuda. Unali wautali kuposa Kamaso.

Bambo anaima pakhomo. Kamaso analowa yekha.

Shwii, shwii! Udzu unanong'ona.

Mtima wa Kamaso unagunda: di, di, di.

"Udzuwu ukudziwa chinsinsi chathu," anaganiza.

Ananyamula mphika woyandikira. Udzu wake unkaoneka wodera bwino. Anathamanga nawo panja.

Padzuwa, Kamaso anauyang'ana. Mayo! Udzu uja unali wachikasu.

"Wapeza wabwino?" anafunsa bambo.

"Ayi, ababa. Udzuwu wasintha mtundu!"

Kamaso anasuzumira mu shedi. Analowetsamo dzanja. Dzanja lake linaoneka lobiriwira. Analitulutsa. Linabwerera mwakale.

"Ababa, ndi neti ija!" anatero. "Mkatimu chilichonse chikuoneka chobiriwira. Udzu tiziuonera padzuwa."

Kamaso analowanso.

Shwii, shwii! Udzu unanong'ona.

Di, di, di, mtima unagunda.

Anatuluka ndi mphika wachiwiri. Padzuwa, masamba ake anali ndi mizere yoyera.

Bambo anasisita masambawo ndi zala.

"Tingotenga womwewu," anatero motsitsa mawu. "Ukunjenjemeratu iwe."

"Ayi, ababa. Abwana adziwa."

Kamaso analowa kachitatu. Anapita mkati. Anapitabe mkati. Udzu unamukhudza m'makutu. Atacheuka, khomo silinkaonekanso.

Pansi panali chinthu chachitali. Chinali chakuda. Chinali chonyezimira.

Chinthucho chinayenda.

Kamaso anauma gwa! Chinthucho chinakwawa. Chinadutsa pafupi ndi phazi lake. Chinadzutsa mutu.

Fwaa! Chinalavula madzi.

"Njoka! Ababa, njoka!"

Bambo anathamangira mkati. Anapunthwa pa mphika. Anapapasa uku ndi uku mpaka anamugwira Kamaso.

Udzu unapatuka. Panatulukira majombo. Anali mayi wogulitsa uja, akukoka payipi yothirira.

"Pepa, mwanawe," anatero mayiyo akuseka. "Njoka yangayi siluma. Imangolavula madzi basi."

Kamaso anapukuta kumaso. Kenako anaona pakona. Panali udzu wamasamba opyapyala, ogwera pansi ngati tsitsi lalitali.

Ananyamula mphika umodzi. Anatuluka nawo panja.

Padzuwa, udzuwo sunasinthe. Unali wobiriwira modera. Unkanyezimira ngati wadzola mafuta.

"Ababa, ndi uwu!"

"Mwanayu ali ndi maso," anatero mayi wogulitsa. "Akuluakulu amasankhira mu shedi. Mawa lake amabwera kudzandikalipira."

Anadzaza miphika mu wilibala. Mphika uliwonse Kamaso anauonera padzuwa.

Ku hotela, abwana anayang'ana udzu uja. Anauyang'ana nthawi yaitali.

Di, di, di, mtima unagunda.

"Udzu ndiye umenewu," anatero abwana. "Dzalani."

Pobwerera kunyumba, Kamaso ankayenda pang'onopang'ono.

"Ababa, chinsinsichi chikundilemera," anatero. "Lolemba ndidzakhala kusukulu. Maso anu adzakhala ndani?"



Atafika, anapeza amayi a Kamaso akuchapa. Bambo anavula chipewa.

"Mayi a mwana, maso angawa achita chifunga," anatero.

"Mumayesa sindikudziwa?" anayankha amayi. "Dzana munathira mchere mu tiyi. Munamwa yense, osadandaula!"

Bambo anaseka. Kamaso anaseka. Chinsinsi chinapepuka.

Amayi anaperekeza bambo kwa dokotala wa maso. Bambo anabwerako ndi magalasi.

Loweruka lotsatira Kamaso anapita nawo kumunda kuja. Udzu unali utadzalidwa m'mbali mwa kanjira. Bambo anagwada. Anauyang'anitsitsa.

"Kani ndi wokongola chonchi?" anatero.

Kenako anayang'ana Kamaso.

"Ndipo masowa ndi aakuludi!"

Shwii, shwii! Udzu unanong'ona.

Kamaso anasendera pafupi.

"Nong'onani," anatero. "Chinsinsi chija tinaulula kale."